Kadi ya Sikelo

M'jumbo momwe mayi ankasungamo mapepala,
pakati pa malisiti a thonje ndi kalata ya ubatizo,
ndakupeza iwe:
kadi yodyedwa ndi chiswe m'mbali.
Alufazema. Makilo awiri ndi theka.
Kadontho ka inki, kena m'munsi mwake,
kenako mzere ukuthera m'malere
ngati njanji ya pa Chiromo pomwe madzi anaidula.

Milungu isanu ndi umodzi.
Ine ndinali wa zaka zinayi.
Ndikukumbukira chitseko chotseka masana,
ndi mayi akufinyira mkaka pansi kuseri kwa khola.
Panalibe wolira mokweza. Akuti khanda sililiridwa.

Ndakwera kabaza mpaka kwa Tengani.
Bambo aang'ono a Jofilisi akusoka ukonde pansi pa msawu,
ulusi kukamwa.
“Dzinalo ndi lathu,” akutero.
“Alufazema woyamba anachoka ku Mutarara usiku,
kuthawa chibalo, mphasa pamutu, mbuzi pachingwe.
Anabereka Zuze wopalasa bwato,
amene ng'ona inamusiyira mwendo umodzi.
Zuze anabereka ine ndi Bizeki, bambo ako,
amene phulusa la nzimbe za ku Nchalo linawatsata mpaka m'bokosi.
Koma kamwanako...”
Aluma ulusi, alavula.
“Lobola inali isanathe. Ng'ombe ziwiri zinatsala.
Sitinakawerengere.”

Ndawoloka Shire kupita ku Makhanga,
bwato lodzaza njinga ndi matumba a mbatata.
Mayi aakulu a Dolofina akupeta mapira,
maso achita nkhungu, koma mayina akuwaona bwino.
Kwawo amawerenga akazi okhaokha:
Msamange, wotcheza mchere m'dothi,
anabereka Tereziya woumba mbiya,
amene chaka cha njala anatuma ana m'dambo kukazula nyika,
atatu anabwerako, mmodzi ayi.
Tereziya anabereka iwo ndi mayi anga.
“Nanga Alufazema?”
Lichero laima.
“Anabadwira kuchimuna uyo.
Mchombo wake unagwera kwa Tengani.
Ndiponso mwamuna sapitiriza bele.”

Ndiye uli pakati, mlongo wanga,
ngati chilumba cha mchenga
chomwe tsidya lino amati ndi cha uko,
tsidya ilo amati ndi cha kuno.

Ndafunsa za manda.
Anakunyamula amayi anayi m'bandakucha,
dzenje lofika m'mawondo, pafupi ndi mgwalangwa.
Mgwalangwawo unapita ndi madzi.
Pamalopo pali dimba la munthu wina,
nyemba zake zikuchita maluwa,
ndipo wandiyang'ana ngati ndabwera kudzalanda malo.

Ndikutsanzika, a Dolofina andigwira chitenje.
“Ndine ndinamusambitsa.
Anali ndi kachala kowonjezera kumanzere,
tinakamanga ndi ulusi wakuda, sikanathe kugwa.
Koma makutu, ee, makutu anali a Tereziya,
opindika pamwamba ngati mkombero wa mbiya.”
Akuseka, kenako akupukuta m'maso ndi mkono.

Kumanzere.
Dzulo lija, singano ikulowa ndi kutuluka mu ukonde,
ndinaona kachipsera pambali pa dzanja la a Jofilisi.
Mwana wanga Fulaviya ali nako komweko,
anamwino anadula ali ndi masiku atatu,
ine nkumadabwa kuti zachokera kuti.

M'bwato pobwerera ndabwereka cholembera
kwa mnyamata wotolera ndalama.
Kumbuyo kwa kadi kuli malo a katemera amene sunalandire.
Ndalemba Msamange m'bokosi loyamba,
Alufazema wamkulu m'lachiwiri,
Tereziya, Zuze, mayi, bambo,
zilembo zikugwedezeka ndi mafunde.
Iwe ndakuika pansi pa onse,
pomwe mizere iwiri ikumana
monga Ruo alowera mu Shire.

Mnyamata uja akufuna cholembera chake.
Wasuzumira, wawerenga movutikira.
“Ameneyu ndi ndani?”
Ndati mlongo wanga.
“Amakhala kuti?”
Bwato lagunda matope,
anthu ayamba kutsitsa njinga.